KADZIDZI WA PA SITAMPA NDI LUSO LA A INUIT

Teremu yathayi ndinali m'gulu losamalira laibulale, ndipo Loweruka lina tinauzidwa kuti tipukute mabuku akale amene anabwera kalekale kuchokera ku Canada. M'kati mwa buku lina la Chilatini, lomwe chiswe chinali chitayamba kale kulilawa, ndinapezamo envulopu yakale yokhala ndi sitampa ya masenti 6. Pa sitampapo panali kadzidzi. Koma sanali kadzidzi amene timamudziwa ife, uja amati akalira pa denga usiku agogo amamuponyera chikuni cha moto. Uyu anali wonyada, maso ali tong'o, nthenga zake zazitali, zofiira ndi zakuda, zitatambasuka ngati dzuwa likutuluka.

Anzanga anandiseka kuti ndatola malodza. Ine ndinapita nayo sitampa ija kwa Bambo amene amatiphunzitsa Jogalafe ku Fomu 3, ndipo iwo atavala mandala awo anandiuza kuti inatuluka mu 1970, kuti chithunzicho chimatchedwa The Enchanted Owl, ndi kuti anachijambula ndi mayi wina dzina lake Kenojuak Ashevak, wa mtundu wa Inuit, amene anabadwira m'nyumba ya chipale mu 1927. Anandibwereka mabuku awiri nandilolanso kufufuza pa kompyuta. Ndinayamba ndi kungofuna kudziwa za mbalame ija, koma ndinathera pa funso lina: munthu akamajambula kuti apeze chakudya, amasankha chojambula ndani, iye mwini kapena wogula?

A Inuit amakhala kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, ku Canada, Greenland ndi Alaska. Ku Canada kokha alipo pafupifupi 70,000 malinga ndi kalembera wa 2021. Mabuku athu akale amawatcha Aesikimo, koma eni ake ambiri dzinali salikonda. M'chinenero chawo Inuit ndiye kuti "anthu", ndipo munthu mmodzi ndi Inuk. Madera ambiri a kwawo samera mitengo, ndipo za kulima musanene. Moyo wawo unali wa ulenje: nsomba, anamgumi, nyama za m'nyanja zotchedwa seal ndi walrus, ndi gwape wamkulu wotchedwa caribou. Kusema anali kukudziwa kuyambira makedzana. Ankasema zida, zisa zopesera, zidole za ana ndi zithumwa pogwiritsa ntchito mafupa ndi minyanga ya walrus. Zinthuzi zinali zing'onozing'ono, pakuti munthu wosamukasamuka pa ngolo yokokedwa ndi agalu sanganyamule chiboliboli cholemera.

Cha m'ma 1940 zinthu zinafika poipa. Anthu anali atazolowera kugulitsa zikopa za nkhandwe zoyera ku masitolo a Hudson's Bay Company n'kumagula ufa, tiyi ndi zipolopolo. Mtengo wa zikopazo utagwa, njala inalowa m'misasa yambiri. Chifuwa chachikulu nachonso chinabuka, ndipo m'zaka zotsatira boma linayamba kusonkhanitsa anthu m'timatauni momwe munalibe ntchito yolembedwa. Luso lomwe lero likudzaza nyumba zazikulu za zionetsero linabadwira m'mavuto amenewa, ndipo ndi bwino kusaiwala zimenezi.

Mu 1948 mnyamata wina wa ku Toronto, wodziwa kujambula, dzina lake James Houston, anafika ku Inukjuak, m'mphepete mwa nyanja ya Hudson Bay. Iye ankajambula anthu n'kumawapatsa zithunzi zawo, ndipo bambo wina anamubwezera mphatso ya kachiboliboli ka caribou kosemedwa pa mwala. Houston anaganiza kuti n'kakalekale, koma anadabwa kumva kuti kangosemedwa kumene. Atabwerera kumwera anakaonetsa zomwe anapatsidwa ku bungwe la Canadian Handicrafts Guild la ku Montreal, ndipo bungwelo linamutuma kuti akagule zambiri. Mu November 1949 anachititsa chionetsero ku Montreal, ndipo zinthuzo zinatha m'masiku 3 okha. Boma linaona kuti apa pali njira yochepetsera chithandizo chomwe linkapereka kwa anthu a njala. Masitolo a Hudson's Bay Company nawonso anayamba kugula ziboliboli, ndipo alenje ambiri anaika mfuti pambali masiku ena n'kunyamula nkhwangwa ndi tupa.

Vuto linaonekera msanga. Mu 1951 kunatuluka kabuku ka zithunzi, kolembedwa ndi Houston yemweyo, kolangiza anthu zoyenera kupanga kuti zigulidwe. Munali tinthu ngati totayiramo phulusa la fodya, ngakhalenso mizati yosemedwa ya mitundu ina ya anthu a kumadzulo kwa Canada, yomwe Inuk sanaionepo. Kabukuko kanadzudzulidwa ndipo sikanapite patali, koma mtima wake unatsala. Ogula a ku Montreal, Toronto ndi New York ankafuna mlenje ndi mkondo wake, mayi wobereka mwana m'chovala cha chikopa, chimbalangondo choyera, ndi Sedna, mayi wa pansi pa nyanja wa m'nthano zawo. Sankafuna mfuti, primasi kapena boti la injini, ngakhale kuti zimenezi ndizo zinali m'manja mwa anthu tsiku ndi tsiku. Wosema amene ana ake anagona ndi njala sakanachita makani. Ankasema zomwe zikugulidwa, ndipo ambiri ankazisema bwino zedi.

Za pa pepala zinayamba mu 1957 ku Cape Dorset, pa kachilumba ka pafupi ndi chilumba chachikulu cha Baffin. Malowa tsopano amatchedwa Kinngait, dzina lawo lenileni, lomwe linabwezeretsedwa mu 2020. Houston mwini anasimba kuti tsiku lina wosema wotchuka Osuitok Ipeelee ankayang'ana mapaketi awiri a ndudu, nanena kuti munthu amene amajambula mutu wa mmalinyero yemweyo pa paketi iliyonse ayenera kuti amatopa nayo ntchitoyo. Houston, posowa mawu ofotokozera, anatenga mnyanga wa walrus umene Osuitok anali atazokota, naupaka inki, nadindapo pepala kangapo. Osuitok ataona chithunzi chake chikutuluka mobwerezabwereza anati iwonso angathe. Chaka chotsatira Houston anapita ku Japan kukaphunzira kusindikiza zithunzi kwa katswiri wotchedwa Un'ichi Hiratsuka, ndipo anabwerako ndi njira za kumeneko.

Tsono ku Japan amasindikiza ndi matabwa, pomwe ku Kinngait mitengo kulibe. Anthu anatembenukira ku mwala womwe anali kuudziwa kale. Ntchito yake imayenda motere. Wojambula amajambula pa pepala ndi pensulo. Wosindikiza amasalaza mwala waukulu mpaka ukhale ngati tebulo, n'kukoperapo chithunzicho, kenaka amasema n'kuchotsa malo onse amene sayenera kulandira inki, kotero kuti chithunzi chokha ndicho chimatsala chotukuka. Amapaka inki, nthawi zina ya mitundu ingapo, n'kuyala pepala lopyapyala pamwamba, n'kumalisisita ndi dzanja mpaka inki ilowerere. Kawirikawiri amasindikiza makope 50 okha, lililonse ndi nambala yake, ndipo akatha amafafaniza mwalawo kuti pasadzatulukenso ena. Kuchepa kumeneku ndiko kumakweza mtengo. Kadzidzi wa pa sitampa uja anasindikizidwa mwa njira imeneyi mu 1960. Ndiyenera kutchulanso osindikiza oyambawo, chifukwa amaiwalika: Kananginak Pootoogook, Iyola Kingwatsiak, Lukta Qiatsuk ndi Eegyvudluk Pootoogook.

Mu 1959 anthu a ku Kinngait anakhazikitsa kopaletivi yawo, West Baffin Eskimo Co-operative, ndipo kuyambira chaka chomwecho akhala akutulutsa gulu la zithunzi zatsopano chaka ndi chaka. Ubwino wa kopaletivi unali wakuti munthu ankalandira pepala, n'kukajambulira kunyumba, n'kubwera nalo kudzalandira ndalama pompopompo, ndipo phindu linali la mamembala. Izi zinatsegulira njira amayi. Kenojuak anali atagona zaka 3 m'chipatala ku Quebec, kuyambira 1952 mpaka 1955, akudwala chifuwa chachikulu, ndipo ana ake ena anamwalira iye ali komweko. Atabwerako ankasoka zikwama za zikopa, ndipo mapatani a pa zikwamazo ndiwo anachititsa kuti apatsidwe pensulo. Mayi wina wamasiye, Pitseolak Ashoona, anayamba kujambula atakula kale, nasiya zithunzi zopitirira 7,000 za moyo wa m'misasa. Ku Baker Lake, Jessie Oonark ankasoka nsalu zazikulu zokoloweka pa khoma, ndipo ina mwa izo inakakolowekedwa ku National Arts Centre ku Ottawa.

Pano pali mbali yomwe ikutikhudza ife a m'seminale. Ku Puvirnituq, Bambo André Steinmann a chipani cha Oblates of Mary Immaculate anathandiza osema kupanga bungwe lawo mu 1958, lomwe linadzakhala kopaletivi. Ku Holman, komwe tsopano ndi Ulukhaktok, Bambo Henri Tardy a chipani chomwecho anathandiza kuyambitsa kopaletivi mu 1961. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti Bambo Tardy analimbikitsa gogo wina, Helen Kalvak, kuti ajambule nthano ndi miyambo yakale, kuphatikizapo za asing'anga a mizimu, zomwe gogoyo anali kuzidziwa bwino kuyambira ubwana. Wansembe wina akanamuuza kuti aziiwale. Komabe sindingatchule zabwinozi n'kubisa zinazo. M'zaka zomwezo ana ambiri a Inuit ankachotsedwa kwa makolo awo n'kuikidwa m'sukulu zogonera komweko, zina zoyendetsedwa ndi Mpingo, momwe ambiri anazunzidwa ndi kutalikitsidwa ndi chikhalidwe chawo. Papa Fransisko anafika ku Iqaluit pa 29 July 2022 kukapepesa kwa otsala a m'sukuluzo.

Ngakhale makopaletivi anali a eni dziko, chiweruzo chinali chikadali kumwera. Mu 1961 kunakhazikitsidwa komiti ya akatswiri, yomwe mu 1967 inasanduka Canadian Eskimo Arts Council, ndipo poyamba munali azungu okhaokha. Zithunzi za chaka chilichonse zinkayamba zapita kwa iwo. Zomwe avomereza zinkalandira chidindo, zomwe akana zinkabwerera m'kabati. Iwo ankati akuteteza luso kuti lisatsike, ndipo mwina penapake analitetezadi. Koma taganizani, gogo wa zaka 60 ajambule zomwe anaona ndi maso ake, kenaka munthu amene sanagonepo m'nyumba ya chipale anene kuti sizikuoneka zachi Inuit. Chinanso chomvetsa chisoni chili pansi pa ziboliboli zambiri za nthawi imeneyo. M'malo mwa dzina la wosema mumapezapo nambala yoyamba ndi chilembo E kapena W, pakuti boma, polephera kulemba maina awo, linapatsa Inuk aliyense kachikwangwani kozungulira ka nambala kovala m'khosi. Maina a mabanja anayamba kulembedwa cha m'ma 1970.

Pa nkhani yotsatsa malonda boma linachita khama, ndipo apa sindichedwapo. Mu 1958 linayambitsa chizindikiro cha Igloo Tag, kapepala kokhala ndi chithunzi cha nyumba ya chipale, kotsimikiza kuti chiboliboli chasemedwadi ndi Inuk, chifukwa mafakitale anali atayamba kuumba zabodza. Mu 1963 bungwe la National Film Board linapanga kanema wa Kenojuak. Kuyambira 1971 mpaka 1973 chionetsero chachikulu chotchedwa Sculpture/Inuit chinayenda m'mizinda monga Paris, London, Moscow ndi Philadelphia. Ziboliboli za a Inuit zinasanduka mphatso yomwe atsogoleri a Canada ankapatsa alendo awo.

Kusintha kunayamba pang'onopang'ono, ndipo kunayambira m'manja mwa ojambula eni ake. Pudlo Pudlat wa ku Kinngait anaumirira kujambula ndege, mahelikopita ndi mawaya a magetsi pambali pa nyama za kutchire, ndipo mu 1990 anakhala Inuk woyamba kupatsidwa chionetsero chake yekha cha ntchito ya moyo wake wonse ku National Gallery of Canada. Khonsolo ija inathetsedwa mu 1989. Magazini ya Inuit Art Quarterly inayamba kutuluka mu 1986, ndipo bungwe la Inuit Art Foundation linakhazikitsidwa mu 1987. Pa 1 April 1999 a Inuit analandira chigawo chawo cha Nunavut.

Koma amene anagwedeza zinthu kwenikweni anali mdzukulu wa Pitseolak uja, Annie Pootoogook, wobadwa mu 1969. Iye sanakulire m'misasa. Anakulira m'nyumba ya matabwa yokhala ndi wailesi ya kanema, wotchi ya pa khoma ndi furiji, ndipo anajambula zomwezo ndi mapensulo a mitundu, ngati omwe timajambulira mamapu m'kalasi. Pa chithunzi china anthu akusankha zakudya za m'mapaketi pa furiji yayitali ya m'sitolo ya kopaletivi. Pa china mtsikana wagona pansi akuonera pulogalamu ya Dr. Phil ya ku America. Pa zina banja lakhala pansi m'nyumba yamakono likudya nyama yaiwisi monga mwa mwambo wawo. Ndipo pali zina zovuta kuziyang'ana: mwamuna wanyamula thabwa kuti amenye mkazi wake, ndiponso mayi akuswa mabotolo a mowa kuseri kwa nyumba. Anthu ena ankati izi sizingagulidwe, ena ankati si luso la a Inuit. Mu 2006 Annie analandira mphoto ya Sobey Art Award, ya madola 50,000 a ku Canada, yomwe amapikisanirana ojambula a dziko lonselo, ndipo mu 2007 zithunzi zake zinaonetsedwa pa chionetsero cha documenta ku Kassel, ku Germany. Kumeneko sanaitanidwe ngati chodabwitsa cha ku chipale. Anaitanidwa ngati wojambula wa lero pakati pa anzake.

Ndinaonetsa zithunzi za Annie kwa mnzanga amene timakhala tebulo limodzi ku chakudya, ndipo anakwinya nkhope. Iye anati munthu sayanika zovala zam'kati pa msewu, ndipo zoipa za pa mudzi zimathera pa mudzi pompo. Tinakangana mpaka belu la sitade. Mawu akewo ali ndi nzeru, ndipo ndikudziwa kuti makolo ambiri amene akuwerenga magazini ino agwirizana naye. Koma ine ndikuona motere. Agogo ake a Annie anajambula misasa chifukwa ndiyo anaidziwa, ndipo zinali zoona. Annie akanajambula misasa yomweyo, imene iye sanagonemo, akanakhala akunama pofuna kusangalatsa mlendo. Ngakhale mayi ake, Napachie Pootoogook, m'zaka zawo zomaliza anajambula nkhanza zomwe amayi ankakumana nazo kale, kusonyeza kuti moyo wakale uja sunali wokoma wokhawokha monga ogula ankafunira. Kwa ine mdzukulu ndi agogo ake anachita chinthu chimodzi, kungoti maso awo anaona zosiyana.

Nkhani ya Annie sinathe bwino. Atatchuka anasamukira kumwera, nakhala ku Ottawa mu umphawi, nthawi zina wopanda pogona, akulimbana ndi mowa, n'kumagulitsa zithunzi zake mu msewu pa mtengo wozizira pomwe m'masitolo a zojambula zinkagulidwa ndi ndalama zankhaninkhani. Mtembo wake unapezeka mu mtsinje wa Rideau mu September 2016, ali ndi zaka 47. Patapita zaka ziwiri, mu 2018, kope limodzi la kadzidzi wa Kenojuak linagulidwa pa okushoni ku Toronto ndi madola 216,000 a ku Canada. Kenojuak anali atamwalira kale mu 2013. Ndikaika nkhani ziwirizi pamodzi ndimaona kuti kutchuka kwa luso ndi moyo wa waluso n'zinthu ziwiri, ndipo amene amalemba za kupambana kwa luso la a Inuit kawirikawiri amathamangira choyambacho.

Njira yomwe Annie analambula ena akuyendamo. Msuweni wake, Shuvinai Ashoona, mdzukulu winanso wa Pitseolak, amajambula zilombo za m'maganizo mwake zitasakanikirana ndi anthu a m'tauni ya Kinngait, ndipo mu 2022 anayamikidwa mwapadera ndi oweruza a chionetsero cha Venice Biennale ku Italy. Ena anachoka pa mwala ndi pepala. Zacharias Kunuk wa ku Igloolik anagulitsa ziboliboli zake 3 ku Montreal mu 1981 n'kugula kamera ya vidiyo. Patapita zaka 20, filimu yake yotchedwa Atanarjuat, yoseweredwa yonse m'chinenero cha Inuktitut, inalandira mphoto ya Caméra d'Or ku Cannes mu 2001, ndipo gulu lake la Isuma linaimira dziko la Canada ku Venice mu 2019. Ndimaikonda nkhani ya Kunuk chifukwa mwala womwe ogula ankafuna ndi umene unamugulira chida chonenera zomwe iye ankafuna.

Chiweruzo nachonso chayamba kubwerera kwa eni ake. Mu 2017 boma linapereka chizindikiro cha Igloo Tag m'manja mwa Inuit Art Foundation, kotero kuti tsopano si ofesi ya boma imene imanena kuti chenicheni n'chiti. Mu March 2021 ku Winnipeg kunatsegulidwa nyumba yotchedwa Qaumajuq, mbali ya Winnipeg Art Gallery, yomwe imasunga ntchito za a Inuit zochuluka kuposa nyumba ina iliyonse ya zionetsero yotsegukira anthu onse. Pakhomo polowera pali nkhokwe yayitali ya magalasi momwe ziboliboli zikwizikwi zimaoneka ngakhale kwa munthu wongodutsa. Chionetsero choyamba, chotchedwa INUA, anachikonza ndi a Inuit anayi: Heather Igloliorte, Asinnajaq, Krista Ulujuk Zawadski ndi Kablusiak. Munali ziboliboli ndi zithunzi, komanso mavidiyo, zovala ndi zomvera m'makutu.

Nditayang'ana pa mapu a m'kalasi ndinaona kuti Winnipeg ili kutali kwambiri ndi Kinngait, ndipo palibe msewu wolumikiza malo awiriwa. Mdzukulu wa wosema amene akufuna kukaona ntchito ya agogo ake ayenera kukwera ndege zingapo, ndipo matikiti a ndege za kumpoto ndi okwera mtengo zedi. N'chifukwa chake ndinakondwa kwambiri kuwerenga za nyumba ina yaing'ono kuposa Qaumajuq, ya Kenojuak Cultural Centre, yomwe inatsegulidwa mu 2018 ku Kinngait komweko. M'menemo muli malo osindikiziramo ndi chipinda cha zionetsero, ndipo ana a sukulu a m'tauniyo, ya anthu pafupifupi 1,400, angathe kulowamo wapansi n'kuona osindikiza akupaka inki pa mwala.

Sitampa ija ndinaipempha kwa Bambo oyang'anira laibulale, ndipo anandilola kuisunga pokhapokha nditamata buku la Chilatini lija. Amene akufuna kumuona kadzidziyo andipeze ikatha sitade ya madzulo, koma abwere ndi manja osamba.